Zengerezu Akakwera Ndege

Anthu akamatchula Mangochi, chomwe chimabwera msanga m'maganizo ndi chambo, mchenga wakugombe, mahotela ndi kutentha kwa mwezi wa Okutobala. Ndi ochepa okha omwe amadziwa kuti boma limeneli lidakhalapo khomo lolowera m'dziko muno kwa apaulendo apandege ochokera ku Ulaya. Kumapeto kwa chaka cha 1949, kampani ya ndege ya ku Britain yotchedwa BOAC idayamba kuteretsa ndege zake pamadzi ku Cape Maclear, pafupi ndi mudzi wa Chembe. Ndegezo zidali za mtundu wa Short Solent, za injini zinayi, zonyamula anthu oposa 30, ndipo thupi lake lidali ngati la boti. Zinkanyamuka ku Southampton, n'kumaima m'malo angapo monga ku Egypt, Sudan ndi Uganda, pa ulendo wa masiku angapo wopita ku South Africa.

Cholinga changa m'nkhani ino n'chofuna kutsata mbiri ya chinthu chimodzi chomwe sichiwoneka kwa wapaulendo, chomwe ndi ntchito yoyendera ndi kukonza ndege isadanyamuke. Ndine wogwira ntchito m'boma, osati woyendetsa ndege kapena injiniya, koma zaka zomwe ndakhala m'maofesi zandiphunzitsa kuti mawu oti "tikonza mawa" ali ndi mbiri yawo, ndipo mbiriyo ikafika pa ndege imathera kumanda.

Tiyambire pa ndege zapamadzi zija. Bwalo lake lidali nyanja yeniyeniyo, choncho kuyendera bwalo kunkatanthauza kuyendera madzi. Kulikonse komwe ndege zoterezi zinkatera, mwambo wake udali woti boti lizungulire kaye malo oterapo kuti lichotse zipika zoyandama komanso kupatutsa mabwato, popeza chipika chimodzi chikadatha kung'amba mimba ya ndege yomwe ikuthamanga pamadzi. Ndege ikagona pamadzi, amisiri ankaona ngati pansi pake sipadalowe madzi usiku, ndipo ankakwera pamwamba pa mapiko kuti akaone mainjini, pansi pawo pali nyanja yoti sipanala ikagwa yapita. Ntchito yonseyi inkachitika pa ulendo uliwonse, kaya dzulo zidali bwino kapena ayi.

Msodzi wa ku Chembe, ku Msaka kapena ku Makawa sangadabwe nazo zimenezi. Asodzi a chilimira asadalowe m'nyanja madzulo amaona ngati boti silikudontha, ngati ukonde wasokedwa, ngati nyali zikuyaka, ngati mafuta a injini akwanira kupita ndi kubwerako, komanso amayang'ana kumwamba kuti adziwe ngati mwera ukubwera. Amadziwa kuti pakati pa nyanja palibe mthunzi woti n'kuimikapo boti kuti alikonze. Mumlengalenga namonso ndi chimodzimodzi. Minibasi ikafa pa Ulongwe, anthu amatsika n'kugula chimanga chowotcha podikira makaniko, pomwe ndege ikafa injini, wapaulendo alibe kotsikira.

Ulendo wa ndege za ku Cape Maclear udangotha chaka chimodzi chokha. M'chaka cha 1950 BOAC idasiya kugwiritsa ntchito ndege zotera pamadzi chifukwa ndege zotera pamtunda zidayamba kuthamanga kwambiri komanso kutchipa. Msewu wochoka ku Cape Maclear kupita ku Blantyre udalinso wovuta kwambiri, makamaka nthawi ya mvula, ndipo hotela yomwe idamangidwa kumeneko siidakhalitse. Kuchokera apo, ndege zomwe zakhala zikubwera kugombe la kummwera kwa nyanja ndi zing'onozing'ono, zotera pa timabwalo monga ka ku Club Makokola ndi ka ku Monkey Bay.

Mwambo wowerenga mndandanda wa zoyenera kuona ndege isadanyamuke udayamba zaka zingapo ndege zisadafike ku Chembe, ndipo udabadwa pa maliro. Pa 30 Okutobala 1935, ku Wright Field m'dziko la America, asilikali ankayesa ndege yatsopano ya kampani ya Boeing yotchedwa Model 299. Itangonyamuka, idadzutsa mutu kwambiri, n'kugwa pansi n'kuyaka moto, ndipo anthu awiri adamwalira, mmodzi mwa iwo adali Major Ployer Hill yemwe ankaiyendetsa. Ofufuza adapeza kuti ndegeyo idalibe vuto lililonse. Oyendetsawo adaiwala kumasula loko yemwe amagwira zowongolera za ndege kuti mphepo isamazigwedeze ikaima pansi. Major Hill adali katswiri wodziwa ntchito yake, choncho anzake adazindikira kuti vuto silidali umbuli koma kuti ndege zidafika pokhala ndi zinthu zambiri zoti mutu wa munthu mmodzi sungazikumbukire zonse tsiku ndi tsiku. Adalemba mndandanda pa kapepala, ndipo mpaka lero oyendetsa ndege amawerengerana mndandanda wotere mokweza mawu, wina kufunsa wina kuyankha, ngakhale akhale kuti ayendetsa ndegeyo kwa zaka makumi awiri.

Kwathu kuno, ndege zonyamula anthu zidali m'manja mwa kampani ya Central African Airways yomwe idakhazikitsidwa mu 1946 kuti izitumikira Nyasaland ndi maiko awiri a Rhodesia. Air Malawi idabadwa mu 1964 ngati mwana wa kampaniyo, ndipo idayamba kuima payokha mu 1967. Idayamba ndi ndege za mtundu wa DC-3 komanso tindege ta Beaver tomwe tinkatera pa timabwalo tamaudzu ta m'maboma. Pambuyo pake idakula mpaka kukhala ndi ndege ya VC10 yomwe inkafika ku London m'zaka za m'ma 1970, ndipo m'zaka zotsatira ndege zake zing'onozing'ono zinkabweretsa alendo ku Club Makokola.

Aliyense yemwe adaonererapo kandege kakukonzekera kunyamuka pa bwalo laling'ono adaona woyendetsa akukazungulira wapansi ngati munthu wofuna kugula ng'ombe. Amagwira mapiko, amasuzumira matayala, amayang'ana pansi ngati padonthera oyilo, amatsegula pa thanki kuti aone mafuta ndi maso ake m'malo mongokhulupirira geji. Kenaka amakhetsa mafuta pang'ono m'kabotolo kowonekera n'kukayang'ana padzuwa. Akufuna aone ngati muli madzi, chifukwa madzi amalemera kuposa mafuta ndipo amakhala pansi pa thanki, pomwe injini imayambira kukoka. Kumalo achinyontho ngati kunyanja kuno, mame amatha kupangika m'thanki yosadzaza ndege ikagona panja. Amachotsanso tizivundikiro tokhala ndi nsalu zofiira tomwe amatsekera timapaipi toyezera liwiro la ndege.

Timapaipi timeneti n'tating'ono ngati chala, koma tapha anthu ambiri. Pa 6 Febuluwale 1996, ndege ya Boeing 757 ya kampani ya Birgenair idagwera m'nyanja itangonyamuka ku Puerto Plata m'dziko la Dominican Republic, ndipo anthu onse 189 adamwalira. Ndegeyo idakhala itaima pabwalo kwa masabata pafupifupi atatu. Ofufuza adapeza kuti kapaipi kamodzi koyezera liwiro kadali kotsekeka, ndipo adaganizira kuti mavu omanga zisa zadothi ndiwo adamangamo, mavu ofanana ndi omwe amamanga m'makona a nyumba zathu ku Mangochi. Woyendetsa wamkulu adaona ndege ikuthamanga pansi kuti geji yake siikugwira, koma adapitiriza ulendo. M'chaka chomwecho, pa 2 Okutobala, ndege ina ya mtundu womwewo ya kampani ya Aeroperú idagwera m'nyanja pafupi ndi Lima n'kupha anthu 70. Wotsuka ndege adamata tepi pa timabowo toyezera mpweya kuti musalowe mankhwala otsukira, n'kuiwala kuchotsa, ndipo omwe adayendera ndegeyo usiku sadaione tepiyo.

Tsopano tifike pa nkhani ya kuzengereza. Owerenga ena angadabwe kumva kuti malamulo a ndege amalola kuti ndege iuluke china chake chili chowonongeka. Ndege yaikulu ili ndi zipangizo zikwizikwi, ndipo zambiri zofunika zimakhala ziwiriziwiri kapena zitatuzitatu, kotero kuti kuimitsa ulendo chifukwa cha babu limodzi kungaphe kampani iliyonse. Pachifukwa ichi mtundu uliwonse wa ndege uli ndi buku lotchedwa Minimum Equipment List, lomwe limanena chipangizo chomwe chingadikire, zoyenera kuchita pomwe chikudikira, ndi masiku omwe chingadikire. Zina zimapatsidwa masiku atatu, zina masiku khumi, ndipo zosakhudza kwenikweni chitetezo zimapatsidwa masiku 120. Injiniya amalemba vutolo m'buku la ndegeyo, amasayina dzina lake, amamata chizindikiro pa chipangizocho kuti woyendetsa adziwe, ndipo woyendetsa ali ndi ufulu wokana ndegeyo ngati sadakhutire. Masiku aja akatha chinthucho chisadakonzedwe, ndege siiloledwa kunyamuka.

Apa ndiye pagona kusiyana kwa "mawa" wa m'buku la ndege ndi "mawa" wathu wa masiku onse. Mawa wa m'bukumo ali ndi deti, ali ndi dzina la munthu yemwe wasayina, ndipo ali ndi chilango. Mawa wathu alibe zonsezi, n'chifukwa chake akuluakulu adati Zengerezu adalinda kwawukwawu.

Ngakhale maiko olemera adagwapo mu msampha wa Zengerezu. Pa 31 Januwale 2000, ndege ya Alaska Airlines ya mtundu wa MD-83 idagwera m'nyanja kufupi ndi gombe la California n'kupha anthu onse 88. Kumchira kwa ndege yotereyi kuli chitsulo chachitali chamazinga chomwe chimakweza ndi kutsitsa kaphiko kakumchira, ndipo chimafuna girizi. Mu 1987 kampaniyo inkapaka girizi pakatha maola 500 ouluka. Pang'onopang'ono, ndi chilolezo cha akuluakulu oyang'anira za ndege, nthawiyo idatalikitsidwa mpaka mu 1996 idafika miyezi isanu ndi itatu, omwe adali maola pafupifupi 2,550. Mu 1997 makaniko wina adalemba kuti chitsulocho chisinthidwe, koma anzake atayezanso adati chikadali bwino. Tsiku langoziyo mazinga a nati adaperepeseka n'kutheratu, ndege n'kuloza mutu pansi. Palibe tsiku limodzi lomwe munthu adaganiza zoika miyoyo pachiswe. Ulendo uliwonse womwe adatalikitsa nthawi, ndege zinkapita n'kubwerako bwinobwino, ndipo kubwerako kumeneko kunkaoneka ngati umboni woti palibe vuto.

Anansi athu a ku Zambia adalira maliro a mtundu womwewu. Ndidali mnyamata wa kupulayimale pomwe wailesi idalengeza kuti timu ya mpira ya dziko la Zambia yathera m'nyanja, ndipo ndikukumbuka momwe anthu akuluakulu adakhalira chete mozungulira wailesi ngati malirowo ndi a pamudzi pathu. Pa 27 Epulo 1993, ndege ya asilikali ya mtundu wa Buffalo idachoka ku Lusaka kupita ku Dakar komwe timuyo inkakasewera ndi Senegal. Idagwa itangonyamuka ku Libreville m'dziko la Gabon, ndipo anthu onse 30 adamwalira, kuphatikizapo osewera 18 ndi mphunzitsi wawo Godfrey Chitalu. Lipoti la boma la Gabon lidatuluka patatha zaka khumi, mu 2003. Lidanena kuti injini yakumanzere idagwira moto, ndipo woyendetsa, yemwe adali wotopa chifukwa adali atangobwera kumene kuchokera ku Mauritius, adazimitsa injini yakumanja yomwe idali yabwino. Ndegeyo idali itakhala miyezi ingapo osauluka, zolakwika zina za mu injini zidali zitaoneka ulendo usadayambe, ndipo vuto lidaonekanso pomwe adaima ku Brazzaville, koma ulendo udapitirira. Manda a anyamatawo ali pafupi ndi bwalo la Independence ku Lusaka.

Monga wogwira ntchito m'boma, ndikudziwa momwe zotere zimayambira, chifukwa ndaziona pa zinthu zing'onozing'ono zosauluka. Ndalama za mwezi zikabwera zoperewera, malipiro sungawakhudze, magetsi ndi madzi akapanda kulipiridwa amadula, msonkhano womwe akuluakulu aitanitsa sulephereka. Chomwe chimatsala kuti chidulidwe ndi ndalama yokonzera zinthu, chifukwa galimoto yomwe yapitirira nthawi ya sevisi siidandaula, imalira ndithu m'mawa n'kunyamuka. Kalata yopempha masipeya imalowa m'fayilo, fayilo imalembedwa kuti idikire ndalama zikapezeka, ndipo yemwe adalemba kalatayo akasamutsidwa, wobwerayo amapeza vutolo lili ngati gawo la nyumba. Kugula chatsopano kuli ndi mwambo wodula riboni ndi zithunzi m'nyuzipepala, pomwe kupaka girizi kulibe wojambula. Yemwe akufuna kuona mapeto a khalidwe limeneli apite kudoko la Monkey Bay akaone sitima zomwe zakhala zaka zitakocheza osayenda, pamalo pomwe Ilala idalumikizidwa n'kulowa m'madzi mu 1951.

Pa nkhani za ndege, dziko lathu lidalandirapo machenjezo. Air Malawi idathetsedwa mu 2013 itamira m'ngongole, ndipo m'malo mwake mudabwera kampani yatsopano yomwe boma lidagawana ndi Ethiopian Airlines. Mu Januwale 2019, South African Airways idaimitsa maulendo ake a ku Chileka akuluakulu oyang'anira za ndege a ku South Africa atapeza kuti mpanda wa bwalolo udali wowonongeka ndipo galimoto zozimitsa moto ndi ambulansi sizidali zodalirika. Zinthuzi sizidawonongeke usiku umodzi. Chomvetsa manyazi n'chakuti zidatengera mlendo kuti atiuze za m'nyumba mwathu, ndipo ndalama zokonzera zidapezeka ndege zitasiya kubwera.

Kenaka lidafika tsiku la 10 Juni 2024. Ndege ya asilikali ya mtundu wa Dornier 228 idanyamuka pa bwalo la Kamuzu ku Lilongwe cha m'ma 9 koloko m'mawa kupita ku Mzuzu, itanyamula wachiwiri kwa mtsogoleri wa dziko Dr Saulos Chilima, mayi Shanil Dzimbiri ndi ena, omwe ankapita ku maliro a Ralph Kasambara. Nyengo kumpoto idali yoipa, ndipo ndegeyo idagwa m'nkhalango ya Chikangawa. Anthu onse asanu ndi anayi adamwalira, ndipo ndegeyo idapezeka tsiku lotsatira. Malipoti awiri, la komiti yofufuza yomwe idatsogozedwa ndi Justice Jabbar Alide ndi la akatswiri a ku Germany a bungwe la BFU, adaloza ku nyengo yoipa ndi ziganizo za oyendetsa, ndipo sadapeze kuti injini kapena chipangizo china ndicho chidagwetsa ndegeyo. Amalawi ambiri adatsala ndi mafunso pa ngoziyi, ndipo si cholinga changa kuwayankhira pano.

Chomwe ndikufuna tione ndi mfundo imodzi ya m'lipoti la akatswiri a ku Germany aja. Ndege zimakhala ndi kachipangizo komwe kamalira pa wailesi ndege ikagwa kuti ofunafuna adziwe pomwe ili. M'ndege ya ku Chikangawa kachipangizoka kadalimo, koma batire lake lidatha ntchito mu 2004. Kadalinso ka mtundu wakale womwe masetilaiti adasiya kuumvera mu 2009, ndipo ofufuzawo adauzidwa kuti padalibe masipeya kapena ndalama zogulira katsopano. Ndegeyo idalibenso makina osunga mawu a oyendetsa ndi kayendedwe ka ndege. Batirelo silidagwetse ndege, ndipo malinga ndi malipoti anthuwo adamwalira pomwepo. Komabe taganizani zaka makumi awiri. Mwana wobadwa chaka chomwe batirelo lidatha ntchito adali atamaliza sekondale pomwe asilikali, apolisi ndi anthu wamba ankasakasaka m'nkhungu ya ku Chikangawa, dziko lonse lili maso usiku wonse. Kukadakhala kuti wina adapulumuka ali wovulala, maola amenewo ndiwo akadamupha. Ndipo kusowa kwa makina osunga mawu kudasiya mpata womwe mphekesera zadzazamo mpaka lero.

Timakonda kunena kuti tsoka silinunkha. Pa ngozi za mphezi ndi ng'ona mwina n'zoona, koma mbiri yomwe tatsatayi ikuonetsa kuti tsoka la ndege nthawi zambiri limanunkha, ndipo fungo lake limakhala litalembedwa m'buku lina lake ndi munthu wina wake wapansi yemwe sadamvedwe. Ku Wright Field kudali loko, ku Puerto Plata geji yosagwira, ku California girizi, ku Brazzaville injini yodandaula. Pena paliponse padali mphindi yomwe munthu akadatha kunena kuti ndege iyi siinyamuka lero.

Mawu amenewa ndi ovuta kuwanena kwathu kuno, komwe tidaleredwa kuti wamkulu satsutsidwa. Injiniya wachinyamata yemwe wakana kusayina, kapena woyendetsa yemwe wauza bwana kuti nyengo siili bwino, amaoneka wamwano, ndipo ulendo ukalephereka palibe yemwe amamuthokoza chifukwa ngozi yomwe yapewedwa siioneka. Ulendo wa maliro, wa msonkhano kapena wa mpira umakhala ndi anthu odikira kutsogoloko, ndipo manyazi obwerera amalemera kuposa mantha. Maiko omwe achepetsa ngozi za ndege adachita kuphunzitsa dala kuti wamng'ono azilankhula ndipo wamkulu azimvera, komanso kuti wonena vuto asamalangidwe.

Kwa zaka zambiri maboma osiyanasiyana akhala akulonjeza bwalo lalikulu la ndege ku Mangochi kuti alendo azifika kunyanja mosavuta. Ine ndi mmodzi mwa omwe angakondwe kuona ndege zochokera kunja zikuteranso m'boma lomwe zidaterapo mu 1949. Koma aphungu athu akamadzakambirana za ndalama zomangira bwalolo, adzafunsenso za ndalama zolisamalira m'chaka chachisanu ndi chakhumi: ya mpanda, ya matayala a galimoto yozimitsa moto, ya mabatire, ya maphunziro a amakaniko. Adzafunse kuti ndani ali ndi mphamvu zoimitsa ndege, ndipo ndani adzamuteteze akaimitsa ndege ya munthu wamkulu.

Pafupi ndi nsanja ya wotchi m'tauni ya Mangochi pali chikumbutso cha anthu 145 omwe adamira ndi sitima ya Vipya pa 30 Julaye 1946. Zikumbutso zotere timadziwa kumanga, ndipo ndalama zake sizisowa. Chomwe tikufunika kuphunzira ndi ntchito yosaoneka ija ya munthu wozungulira ndege m'mamawa ndi kabotolo m'manja, ndi kumupatsa zomwe wapempha deti lomwe adalemba m'buku lisadakwane.